Ndinalawa Madzi a Sopo Ngati Chidulo

Chizindikiro choyamba chinabwera ndi mbatata yootcha. Munali mu Julayi, chaka cha 1957, m'mawa wozizira, ndili pakhonde la nyumba yathu pa kasukulu ka mpingo kufupi ndi Sinda, kumene amuna anga a Tembo ankaphunzitsa. Mwana wanga woyamba, Malita, anali pamiyendo panga akuyamwa. Ndinanyema mbatata, ndinatafuna monga mwa masiku onse, ndinameza, koma itafika pachifuwa inaima. Ndinamwa madzi kuti aikankhire pansi. Madziwo anabwerera, ena kudzera m'mphuno, ndipo mbatata ija inatsatira. Ndinaseka ndekha, n'kudzinena kuti ndadya mwaumbombo. Sindinaganize n'komwe kuti zimenezi zikukhudzana ndi ngozi imene inandigwera mu Meyi, chifukwa imeneyo tonse tinkaiyesa nkhani yatha.

Ngoziyo inayamba chonchi. Malita anabadwa mu Malichi, ndipo ine ndili m'chikuta, dona wa ku mishoni anabwera kudzaphunzitsa amayi a mpingo kupanga sopo. Phunzirolo linandipita. Ndinadzalimva pachitsime, kwa mnansi wanga amake Yohane, amene ankandifotokozera uku akutsuka ndowa. Anati umatenga soda wa m'chitini, uja ku sitolo amamutcha kositiki, n'kumusungunula m'madzi, kenaka n'kuthiramo mafuta a ng'ombe, n'kutakasa ndi mtengo mpaka zitalimba. Anandiuza muyeso wa makapu, anandiuzanso za bokosi lothiramo. Zoti dona uja anathamangitsa ana onse, n'kukulunga manja ake ndi nsalu asanatsegule chitini, sanandiuze, ndipo ine sindinafunse. Akulu amati safunsa anadya phula. Ine ndikanadya phula, bwenzi lero ndikusimba nkhaniyi uku ndikuseka.

Sopo ndinkamufuna ndithu. Matewera a mwana sadikira munthu, ndipo mphunzitsi wa masiku amenewo ankayenera kuima pamaso pa ana ndi malaya oyera mbee, ngakhale akhale nawo awiri okha. Ndinawavutitsa a Tembo mpaka tsiku lina anabwera ndi chitini kuchokera ku sitolo ya Mmwenye ku Katete. Chinali ndi malemba ofiira a Chingerezi mbali zonse. Ine Chinyanja ndimawerenga, Baibulo ndi nyimbo, koma chitinicho sichinkalankhula nane. A Tembo anachiika pamwamba pa khoma n'kunena kuti ndiyembekeze Loweruka, adzandiwerengera bwinobwino. Koma ine chibadwire changa ndine wopupuluma. Ndinafuna kuti pofika Lowerukalo adzapeze sopo ali pa thebulo, ine nditangokhala duu ngati sindikudziwa kanthu.

Tsopano muyenera kudziwa m'mene ndinaleredwera. Kwathu ndi kufupi ndi Mkaika, ndipo amayi anga anandiphunzitsa kuphika ndi lilime. Mchere umalawa, thobwa umalawa, ndipo koposa zonse chidulo umalawa. Tinkawotcha zitsononkho ndi makoko a mtedza, phulusalo n'kuliika m'phale lobooka, n'kuthira madzi pamwamba kuti azidontha pang'onopang'ono. Madzi odonthawo usanawathire mu therere kapena m'chigwada, unkatapa pang'ono n'kupsontha, kuti udziwe ngati alimba kapena asukuluka. Amayi ankati mkazi wosalawa ndi mlendo pa mafuwa ake omwe. Komanso ndili mwana ndinaonapo azakhali akuchapira nsalu madzi a phulusa. Choncho m'mutu mwanga soda wa m'chitini anali chidulo cha azungu basi, phulusa lawo loyera.

Lachinayi lake, a Tembo ali m'kalasi, ndinatsitsa chitini. Munali timiyala toyera ngati mchere wa miyala. Nditatithira m'mbiya yakale momwe munali madzi, ndinaona chinthu chimene sindinachionepo chibadwire: mbiya inayamba kutentha yokha, popanda moto, nthunzi n'kumakwera. Ndinabwerera m'mbuyo. Chimenecho chikanayenera kundiuza zonse. Koma ndinangodikira kuti zizizire, ndipo zitazizira anali madzi wamba, oyera, opanda fungo. Ndinakayika ngati ndathira wokwanira. Dzanja linachita zimene linazolowera. Ndinatapa ndi chipande, n'kupsontha, ndipo nthawi yomweyo Malita, amene anali kumsana, anadzidzimuka n'kundimenya ndi mutu pakhosi. M'malo molavula, ndinameza.

Ululu wake sindingathe kuufotokoza. Munthu amene anapondapo khala la moto aganize khala limenelo lili m'kamwa, likutsika. Ndinafuna kukuwa koma mawu sanatuluke, malovu okha ndiwo ankangoyenderera. Amake Yohane anandipeza ndikukwawa pabwalo, mwana akulira kumsana. Mwa chifundo chawo anasungunula mchere m'madzi n'kundimwetsa mokakamiza, kenaka n'kundipisa chala kummero kuti ndisanze. Ndinasanza, ndipo moto uja unadutsanso njira yomweyo kachiwiri. Pamene a Tembo ankafika akuthamanga, choko chili m'manja, milomo yanga inali itatupa, ndipo m'kamwa monse munali mutayera ngati mwapakidwa laimu. Anatola chitini chija n'kuwerenga malemba ofiira aja.

Iwo anafuna kuti tipite ku chipatala cha ku Katete tsiku lomwelo. Ndinakana ndi mutu. Katete ndi kutali ndithu kwa munthu wodwala wokwera pakaliyala pa njinga, mwana anali wakhanda, ndiponso, kunena zoona, ndinkachita manyazi kuti mkazi wa mphunzitsi akafotokoze bwanji. Anandimwetsa mkaka ndi mazira aawisi, n'kumandipaka m'kamwa mankhwala a buluu a m'bokosi la sukulu. Masiku oyamba ndinkangotha kumeza timadzi, ndikulira. Kenaka khungu la m'kamwa linasupuka, latsopano linamera, ndipo pofika pakati pa Juni ndinali nditayambanso nsima. Ku tchalitchi anthu anayamika Mulungu, ena n'kumandiseka kuti ndine mayi amene anafuna kuchapa m'mimba. Inenso ndinkaseka nawo. A Tembo anapita ku Fort Jameson ku maphunziro a aphunzitsi mtima uli m'malo, ndipo pobwerako anandipeza ndili bwino.

Ndiye chifukwa chake mbatata ija sinandiopse. Koma mawa lake nsima inachita chimodzimodzi. Ndinayamba kutema timbamu ting'onoting'ono, kutinyowetsa kwambiri mu msuzi, kumeza ndi madzi. Patapita sabata ngakhale timeneti tinakana. Ndinasamukira ku phala lolimba, kenaka lamadzimadzi, kenaka losefa pa nsalu. Chodabwitsa n'chakuti njala ndinali nayo, njala yeniyeni, ndipo pakhosi sipankapweteka ngati kale. Chakudya chinkangofika pamalo amodzi, kuseri kwa fupa la pachifuwa, n'kupeza khomo lotseka. Ndinkaphikira amuna anga, fungo la ndiwo n'kumandizunza, ine n'kukakhala kuseri kwa nyumba ndi kachitini kolavulira. Chibangili chimene chinkandithina padzanja chinayamba kutsika chokha mpaka pa zala.

Za thupi langa sindinkadera nkhawa kwenikweni. Chimene chinkandidya mtima chinali mkaka. Mayi amene sakudya alibe choyamwitsa. Malita ankayamwa bere lina, kulisiya, kugwira lina, kenaka n'kulira kulira kwa ukali, mpaka kulirako kunasanduka kwa munthu wotopa. Masaya ake anaphwa, ndipo tsiku lina pomusambitsa ndinaona liwombo litalowa m'kati. Mkaka wa m'chitini kumudzi kunalibe, ndipo mwana wa miyezi isanu sungamulere ndi phala lokha. Ndinadziwa kuti ngati khomo lija silitseguka, tikhala maliro awiri, ndipo woyamba kupita sadzakhala ine.

Amayi anafika mu Ogasiti, atamva uthenga. Anandiyang'ana ine, anayang'ana mwana, n'kufunsa funso limodzi lokha: kodi bambo wa mwanayu anachokapo pakhomo? Nditawauza za Fort Jameson, anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza chimene ankafuna. Kwa iwo zonse zinali poyera. Mayi wa mwana wakhanda akuonda, akudandaula pachifuwa, mwana nayenso akufota, ndipo mwamuna anagona kutali mwambo wotenga mwana usanachitike. Limeneli ndi tsempho, anatero, mwamuna wayenda ndi mkazi wina. Ndinawakumbutsa za soda, koma anati zilonda za soda zinapola anthu onse akuona, nanga chilonda chopola chingabwerere bwanji patapita miyezi? Ndipo ndinene poyera, ngakhale zimandiwawa: ndinayamba kuwayang'ana a Tembo ndi diso lina.

Amayi anabwereka ngolo n'kutitengera kwathu, ine ndi mwana. Kumeneko anafuna mankhwala a tsempho, mizu yonyika, koma inkangobwerera ngati china chilichonse. Akuluakulu anati sangagwire ntchito mpaka mwamuna ataulula. A Tembo ankabwera Loweruka lililonse pa njinga, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango patali ndi nyumba ya apongozi awo, monga mwa ulemu, ndipo mawu ankadutsa mwa akulu anga, a Dolika. Uthenga wopita unali umodzi: ululani, mkazi wanu achire. Wobwerera unalinso umodzi: sindingaulule chimene sindinachite, tiyeni naye ku chipatala. Mawu ankayenda uku ndi uku, ine ndili gone pa mphasa, masabata n'kumapita. Mvula ikakuona litsiro sikata.

A Dolika anali ndi mwana wawo woyamwa, wotsala pang'ono kukwana chaka. Masana ena Malita atalira mpaka mawu kusasa, anabwera, anamuchotsa pachifuwa panga n'kutuluka naye. Patapita kanthawi kunja kunangoti zii. Ndinadzikoka mpaka pakhomo, mantha atandigwira, ndipo ndinawaona atakhala kuseri kwa nkhokwe, mwana wawo bere lina, wanga bere lina. Ndinkamumva Malita akumeza ndili patali. Ndinathokoza Mulungu, ndipo nthawi yomweyo nsanje inandilasa, nsanje yochititsa manyazi, yochitira m'bale wanga amene ankapulumutsa mwana wanga. Ndinabwerera pa mphasa n'kudzifunditsa nsalu kumutu.

Chakumapeto kwa Seputembala ngakhale madzi anayamba kukana. Ndinkaika dontho pa lilime n'kumadikira. Loweruka limenelo a Tembo atafika, a Dolika anawauza, ndipo iwo sanakhale pansi pa mango. Anayenda molunjika mpaka pakhomo pa apongozi awo, chinthu chimene mkamwini sachita, anthu onse akuona. Amayi anatembenukira kukhoma.

“Amayi, ngati ndinalakwa, Mulungu alange ine,” anatero. “Koma amake Malita ndikupita nawo lero.”

Atatero analowa m'nyumba. Anandinyamula, anandikhazika pakaliyala, ndipo poona kuti sindingathe kudzigwira anandimangirira kumsana kwawo ndi nsalu ngati khanda. Malita anatsala ndi a Dolika. Titayenda pang'ono ndinacheuka, ndipo ndinaona amayi akutitsatira wapansi, mphika ndi kathumba ka ufa zili pamutu.

Ku chipatala cha mishoni tinapeza mzere wautali pakhonde, koma namwino atangonditsina khungu la padzanja n'kuona kuti silikubwerera, anandilowetsa. Anandiyeza pa sikelo, anandigoneka pa bedi, n'kundilowetsa madzi ndi singano. Adokotala anabwera m'mawa mwake, mzungu wamtali, ali ndi bambo wina wa kwathu konkuno amene ankamasulira. Amayi anali atakhala pansi pafupi ndi bedi, a Tembo ataima kumiyendo. Ndinafotokoza za mbatata, za nsima, za phala. Za soda sindinatchule, popeza aliyense anali atandiuza kuti n'zosagwirizana. Adokotala anaunika m'kamwa mwanga ndi tochi kwa nthawi yaitali, anatembenuza mlomo wam'munsi, n'kulankhula mawu ochepa. Womasulira anandiyang'ana.

“Akufunsa kuti, kodi kunyumba kwanu mumapanga sopo?”

Mutu wanga unaima. Munthu amene sanafikepo pakhomo panga, sanaone mbiya kapena chitini, anawerenga zonse m'zipsera za m'kamwa mwanga. Nditafotokoza, anagwedeza mutu n'kunena kuti si ine woyamba. Womasulira anatilongosolera pang'onopang'ono. Anati soda ameneyu amadya mnofu monga m'mene amadyera mafuta posanduka sopo. M'kamwa mumapola msanga, munthu n'kumayesa wachira, koma m'kati mwa mmero chilonda chimapola mokokana, ngati chipsera cha moto chimene chimapinda chala cha mwana. Chimakokana mwakachetechete, sabata ndi sabata, mpaka njira itatsekeka. Anati kusanzitsa kuja kunawonjezera bala. Anatinso ndikanabwera masiku oyambirira, akanayamba kuteteza njirayo isanatsekeke, ndipo mwina sindikanasiya kudya n'komwe.

A Tembo anafunsa ngati pali china chimene chingachititse matenda otere. Sanatchule tsempho, koma tonse tinamva chimene ankafunsa. Adokotala anati palibe, ndi soda basi. Ndinalephera kuwayang'ana kumaso amuna anga. Amayi anadikira mpaka onse atatuluka, kenaka anagwira chitsulo cha bedi ndi manja awiri.

“Ndine ndinakuphunzitsa kulawa,” anatero motsitsa. “Ndiye ndakusunganso pa mphasa miyezi iwiri.”

Ndinafuna kuwatonthoza. Chibadwire changa ndinali ndisanawaonepo akulira kopanda maliro.

Chithandizo chake chinali chosavuta kufotokoza koma chovuta kupirira. Anali ndi timipira tatitali tosiyana kukula, kuyambira kochepa ngati udzu wofolerera mpaka konenepa ngati chala chachikulu. Ankatiyala pa thireyi motsatana. Ulendo woyamba anandigoneka tulo ndi mankhwala, ndipo nditadzuka anandiuza kuti ngakhale kochepetsetsa kanavuta, koma kanadutsa. Madzulo ake namwino anandipatsa mkaka pa supuni. Ndinaumva ukutsika, ukufika pamalo paja, ukuima pang'ono, kenaka n'kupitirira. Ndinagwira dzanja la namwinoyo mwamphamvu mpaka anaseka. Pambuyo pake sankandigonekanso. Ndinkakhala pa mpando, mutu chagada, wina atandigwira mapewa, n'kumameza mpira ndili maso, misozi ikutsika yokha. Mpira wina ukadutsa bwino, ulendo wotsatira ankatenga wokulirapo.

Moyo wa m'chipatala ndi kudikira. Belu la m'mawa, pemphero, kagalasi koyezera kutentha m'khwapa, kukolopa, kenaka kukhala pa benchi kuyembekeza dzina lako. Tsiku lina adokotala ali ku opaleshoni, mawa lake apita ku midzi, iwe uli pomwepo. Amayi ankaphikira ku chisakasa cha osamalira odwala, n'kumandisefera phala la mtedza ndi dzira. Pansi ankakolopa ndi mankhwala akuda onunkha, ndipo ine amene kale ndinkakonda fungo la ukhondo ndinayamba kuopa botolo lililonse. Pa benchipo ndi pamene maso anga anatseguka. Panali bambo wina wochapa zovala kwa azungu ku boma, manja ake atang'ambikang'ambika, akutsokomola kosalekeza chifukwa cha ufa woyeretsera nsalu umene ankaupuma m'kachipinda kotseka. Iye ankati ntchito ndi ntchito, sankadziwa kuti ndiyo ikumudwalitsa.

Koma amene sindidzamuiwala ndi mayi wina wa ku Vubwi, amene ankagona pansi pafupi ndi bedi langa. Mwamuna wake anabwera ndi chitini chonga changa kuchokera ku Walale kumene ankagwira ntchito. Mayiyo anasungunula soda m'kapu ya chitsulo kuti atsukire mphika wa mafuta, anaiika pansi, n'kupita kukaanula nsalu. Kamwana kake kakakazi, ka zaka ziwiri, kanali ndi ludzu. Anafika nako ku chipatala patapita miyezi, atayenda kwa asing'anga a mbali zonse za malire a dziko. Mipira inalephera kudutsa, ndipo ankakadyetsa kudzera pa kapaipi kolowa pamimba. Kankayang'ana ana ena akudya nthochi, n'kumatafuna pakamwa popanda kanthu. Kanamwalira mu Novembala. Ndinakhala pa bedi kakasi, osakhulupirira kuti chinthu chogulidwa pa sitolo masana, choikidwa pa shelefu imodzi ndi shuga, chingachite zimenezi. Timaopa njoka, timaopa mfiti, koma ichi tinachinyamula tokha n'kuchilowetsa m'nyumba.

Nthawi yonseyi mtima wanga unali pa Malita. Namwino anati ndizifinya mabere tsiku ndi tsiku, mwina mkaka ungabwerere ndikayamba kudya. Ndinkafinya mokhulupirika, kuseri kwa nsalu, koma munkangotuluka timadzi, kenaka tinalekeratu. Mwezi womwewo wa Novembala a Dolika anabwera naye. Ndinamuona ali patali, wonenepa, masaya atabwerera, timano tiwiri tatuluka. Ndinatambasula manja. Anandiyang'ana, munthu wa mafupa okhaokha wovala zovala za chipatala, ndipo anakuwa n'kubisa nkhope m'khosi mwa a Dolika. Tinayesa kumuika pa bere langa. Anakankha ndi manja onse awiri. A Dolika ankangoti, “Ndi amako awa, ndi amako.” Mwana anali moyo, chimene ndinapempha kwa Mulungu ndinalandira, koma usana umenewo ndinalira kuposa tsiku la soda.

Ananditulutsa Khirisimasi itayandikira, mvula itayamba, nditatha kumeza phala lolimba ndi nthochi yakupsa. Tinayamba tafika kwathu. Amayi sanapepese ndi pakamwa, pakuti mpongozi sayankhulana ndi mkamwini maso ndi maso. Anapha tambala wawo wamkulu, anaphika, n'kutumiza a Dolika kuti akapereke yense wathunthu pansi pa mango. A Tembo anadya, n'kubweza mbale ndi mawu akuti ndiwo zakoma. Nkhani ya tsempho inathera pamenepo, ndipo iwo sanandikumbutsepo ngakhale kamodzi kuti ndinawakayikira. Malita anakhalabe ndi a Dolika mpaka atasiya kuyamwa. Atabwera ku Sinda, iye ndi ine tinkadya phala m'mbale imodzi, supuni yake, supuni yanga. Posakhalitsa iye anapitirira, anayamba nsima, nyama, chimanga chokazinga. Ine ndinatsalira m'mbuyo.

Tsopano ndi 1963. Ndili moyo, ndimalima, ndimaimba ku tchalitchi, ndipo Mulungu anatipatsanso ana awiri aamuna amene ndinawayamwitsa ndekha. Nsima ndimadya, koma yofewa, timbamu tating'ono, kapu ya madzi ili pambali, ndipo ndimamaliza anthu onse atasamba kale m'manja. Nyama ndimangoyamwa msuzi. Pa ukwati kapena pa maliro ndimadyera pandekha kuti anthu asandione ndikulimbana nazo. Pakapita miyezi ingapo ndimamva khomo lija likuyamba kubwerera, ndipo sindidikiranso. Ndimakwera basi ya ku Katete kukameza mpira wanga. Adokotala anati mwina zidzakhala choncho moyo wanga wonse. Sopo ndimagula wa ku sitolo, ndipo akatha ndimachapa ndi madzi okha.

Amayi anzanga, sindikunena kuti musiye ukhondo. Ndikunena kuti zinthu za m'zitini ndi m'mabotolo zimene zabwera masiku ano, zochapira, zokolopera, zothira m'chimbudzi, si phulusa la kwathu. Sizilawidwa, sizinunkhizidwa, sizigwiridwa ndi manja, ndipo siziikidwa m'kapu kapena m'botolo limene munthu amamwera. Ngati malemba ake simukuwamva, dikirani wokuwerengerani, Loweruka silichedwa. Ngozi ikachitika musamusanzitse munthuyo. Nyamukani naye nthawi yomweyo, chitini chili m'manja, ngakhale akunena kuti ali bwino, ngakhale m'kamwa mutapola. Ndipo chakudya chikayamba kuima pachifuwa, milandu ya m'banja idzakambidwa pambuyo, wodwala ali pa bedi la chipatala.

Soda ananditentha tsiku limodzi, koma chimene chinandiumitsa mabere ndi miyezi imene ndinakhala ndikudikira. Malita tsopano ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, wayamba sukulu kwa atate ake, ndipo amandikonda, amanditungira madzi, amandidikira ndikamadya. Mwezi watha anagwa mu mtengo wa gwafa n'kung'ambika bondo. Ndinathamanga, ndinamunyamula, magazi ali pa nsalu yanga. Anandikumbatira m'khosi akulira, ndipo ndinamva bwinobwino dzina limene ankaitana. Ankaitana amayi ake a ku Mkaika, a Dolika. Ndinamutsuka bala, ndinamumanga, n'kumuuza kuti tidzapita kukawaona sukulu ikatsekera.